Lipoti la wodwala: scleroderma yofalikira mwa mayi wa zaka 38, ndi zimene fomu ya DLQI inabisa

Mayi wa zaka 38, wosoka zovala pa makina, anatumizidwa kwa ife ku gawo la matenda a khungu patatha miyezi 14 chiyambireni kudwala. Anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo zonse zimene zingawazindikiritse tazichotsa. Matenda awo, scleroderma (matenda oumitsa khungu ndi ziwalo za mkati), sanativute kuwatulukira. Chimene chatichititsa kulemba ndi china. Tsiku loyamba, fomu ya DLQI, yoyezera mmene matenda a khungu akusokonezera moyo wa munthu, inaonetsa kuti vuto lawo ndi lapakatikati, chonsecho mayiwa anali atasiya ntchito, akulephera kumanga mabatani, ndiponso atasiya kutuluka m'nyumba masana. Patatha miyezi 6, atayamba kupezako bwino, nambala ya pa fomu yomweyo inakwera m'malo motsika. Wodalira nambala yokha akanasokera kawiri konse.

Mmene matenda anayambira

Zinayamba ndi zala. Akagwira madzi ozizira kapena akatuluka m'mamawa, zala zinkachita dzanzi, kenaka n'kuwawa ngati zikubayidwa magazi akamabwerera. Ichi ndi chizindikiro cha Raynaud, dzina la dokotala wa ku France amene anachifotokoza mu 1862. Mabuku amati zala zimayera, kenaka zimachita buluu, pomaliza n'kufiira, koma pa khungu lakuda kusinthaku sikuoneka kuseri kwa dzanja. Kumaoneka m'chikhatho, pansonga za zala ndi pansi pa zikhadabo. Ukafunsa kuti “Kodi zala zanu zimasintha mtundu?” wodwala amakana, ndipo sakunama. Funso lothandiza ndi la dzanzi ndi ululu kukazizira.

Patatha miyezi itatu manja anatupa mpaka mphete inasiya kulowa. Khungu linayamba kulimba kuchokera ku zala, kukwera m'mikono, kumaso ndi pachifuwa, likuyabwa mosagonetsa tulo. Pamphumi, m'khosi ndi pachifuwa panatuluka mawanga oyera okhala ndi timadontho takuda mkati mwake. Kumene anapita koyamba anawauza kuti ndi vitiligo, matenda ochotsa mtundu wa khungu n'kusiya mawanga oyera. Kwina, ataona mawanga pamodzi ndi zilonda za m'zala, anawayeza khate. Kwachitatu anati ndi nyamakazi, n'kuwapatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, wa 30 mg tsiku lililonse. Pofika kwa ife anali atamwa mankhwalawa milungu 6.

Kusiyanitsa mawanga a scleroderma, a vitiligo ndi a khate sikulira makina. Timadontho takuda tija ndi mtundu wa khungu umene watsalira mozungulira pomera ubweya, ndipo ukatsina khungu la pamenepo ndi zala ziwiri silinyamuka. La vitiligo limakhala lofewa ngati lina lililonse. Wanga la khate ukalikhudza ndi thonje wodwala samva, pomwe mayiwa ankamva paliponse, ndipo minyewa ya pachigongono sinali yotupa.

Zimene tinapeza

Khungu linali lolimba ku zala zonse mpaka kupitirira mfundo zolumikiza zala ku dzanja, mbali zonse ziwiri. Pa ndondomeko ya 2013 ya ACR ndi EULAR, mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya, chizindikiro chimenechi chokha chimapereka mapointi 9, ndipo 9 ndi okwana kunena kuti ndi systemic sclerosis, scleroderma yokhudza thupi lonse. Popeza kulimbako kunadutsa zigongono n'kufika pachifuwa, uwu ndi mtundu wofalikira. M'matendawa chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwe, timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timawonongeka, ndipo thupi limapanga collagen (puloteni yolimbitsa khungu) wochuluka amene amaumitsa khungu ndi ziwalo za mkati. Mtundu wofalikira umawononga kwambiri mapapo, impso ndi mtima m'zaka zoyambirira, choncho miyezi 14 ndi nthawi yoti munthu achite changu.

Kulimba kwa khungu tinakuyeza ndi njira ya Rodnan: malo 17 a pathupi, aliwonse n'kuwapatsa 0 mpaka 3 malinga ndi mmene khungu likutsinikira, zonse pamodzi zosapitirira 51. Mayiwa anapeza 24. Kuyezaku kumasiyana kwambiri pakati pa woyeza ndi woyeza, n'chifukwa chake wodwala mmodzi aziyezedwa ndi munthu yemweyo ulendo uliwonse. Pansonga za zala ziwiri za kumanja panali zilonda, ndipo pa zala zitatu panali tizipsera tolowa mkati. Akayesa kufumbata, pakati pa nsonga ya chala chapakati ndi chikhatho pankatsala masentimita 3. Pakamwa pankatseguka mamilimita 28 kuyeza pakati pa mano a kutsogolo, pomwe munthu wamkulu wosadwala kawirikawiri amafika 40 kapena kuposa. Titaika dontho la mafuta m'tsinde mwa zikhadabo n'kuyang'ana ndi dermatoscope, kagalasi kokulitsa zinthu kounikira khungu, tinaona timitsempha totupa kwambiri, timadontho ta magazi otuluka, ndi malo ena opanda timitsempha.

M'magazi munapezeka asilikali a chitetezo oukira thupi lomwe: ANA ndi anti-topoisomerase I, amene ambiri amamutcha Scl-70. Ameneyu amayenda ndi matenda a mapapo, ndipo ngakhale mayiwa ankati sabanika, pansi pa mapapo onse awiri pankamveka kuthetheka akamakoka mpweya. FVC (mpweya wonse umene munthu angatulutse mwamphamvu) inali 74 peresenti ya mlingo woyembekezeka, DLCO (mmene mpweya umalowera m'magazi kuchokera m'mapapo) 58 peresenti, ndipo sikani ya CT inaonetsa kutupa ndi kuyamba kwa zipsera m'munsi mwa mapapo. Sankabanika chifukwa anali atasiya kuyenda. Echo (sikani) ya mtima inali bwino, creatinine (yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) inali bwino, m'mkodzo munalibe mapuloteni, BP inali 118/74.

Kuyeza moyo wa tsiku ndi tsiku

Fomu ya DLQI inakonzedwa ndi Andrew Finlay ndi Gul Karim Khan ku Cardiff mu 1994. Ili ndi mafunso 10 okhudza mlungu umene wangotha, lililonse la mapointi 0 mpaka 3, zonse pamodzi 30. Kuyambira 6 mpaka 10 amati matenda akusokoneza moyo mwapakatikati, 11 mpaka 20 akusokoneza kwambiri. Mayiwa anapeza 9.

Nambalayi sinkagwirizana ndi munthu amene anakhala patsogolo pathu, choncho tinabwereza fomuyo funso ndi funso. Mafunso angapo a DLQI amalola yankho lakuti “sizikundikhudza”, ndipo yankho limeneli limawerengedwa 0, chimodzimodzi ndi la munthu amene alibe vuto. Mayiwa anayankha choncho pa mafunso atatu: la masewera olimbitsa thupi, la ntchito, ndi la kugonana. Namwino anawafunsa kuti, “Mayi, apa pa ntchito mwati sizikukukhudzani. Simugwira ntchito?” Iwo anati, “Ndinasiya kale, a nesi. Singano sindingathe kuitola. Mlungu wathawu kunalibe ntchito yoti ilephereke.” Anali atasiya miyezi inayi yapitayo. Pa kugonana nkhani inali yomweyo: kuuma kwa kumaliseche, kulimba kwa khungu la m'chiuno ndi manyazi a nkhope yosinthika zinachititsa kuti iwo ndi amuna awo asiye. Za masewera, ankayenda ulendo wautali m'mawa uliwonse, koma anasiya chifukwa cha kuzizira kwa zala. Zinthu zitatu zimene matenda anawalanda kotheratu ndi zomwe fomu inaziwerengera 0. Zikanawerengedwa 3 chilichonse, nambala ikanakhala 18.

Vutoli ofufuza amalidziwa, ndipo mu 2018 gulu la ku Hungary linakonza kawerengedwe kena kotchedwa DLQI-R, kamene kamaganizira mayankho a “sizikundikhudza”. M'chipinda choonera odwala njira yachidule ndi kufunsa pa yankho lililonse lotere kuti, “Matendawa asanabwere munkachita?” Zimatenga mphindi ziwiri.

Ngakhale itayankhidwa bwino, DLQI ili ndi malire. Inapangidwira matenda a khungu ambiri, ndipo sifunsa za kufumbata, kutafuna, kumeza, chilungulira kapena kubanika. Pa scleroderma timaigwiritsa ntchito pamodzi ndi mafomu ena. HAQ-DI, yoyeza kulephera ntchito za tsiku ndi tsiku, yochokera ku Stanford mu 1980, ili ndi mafunso 20 m'magulu 8 monga kuvala, kudya, kusamba ndi kugwira zinthu, ndipo imapereka 0 mpaka 3; mayiwa anapeza 1.75. Virginia Steen ndi Thomas Medsger anaiwonjezera mu 1997 mizere yoti wodwala alembepo kukula kwa Raynaud, zilonda za zala, vuto la m'mimba, kupuma ndi matenda onse, ndipo pa mizereyi zilonda ndi zomwe mayiwa anaziika pamwamba. Fomu ya manja ya Cochin, ya mafunso 18 ndi mapointi 90, inapereka 46. MHISS, yoyeza vuto la pakamwa, ya mafunso 12 ndi mapointi 48, inapereka 24. PHQ-9 ya kukhumudwa inapereka 14 mwa 27, ndipo analibe maganizo odzipha.

Mafomu asanu angaoneke ochuluka, koma wodwala amene zala zake zili ndi zilonda asapatsidwe cholembera n'kusiyidwa yekha. Amadumpha mafunso kuti athane nazo msanga. Namwino aziwerenga ndi kulemba, m'chipinda chofunda, wachibale ali panja pa nthawi ya mafunso a kugonana ndi a maganizo. Pomaliza tinawafunsa zinthu zitatu zimene akufuna zisinthe poyamba. Anati kuyabwa, ululu wa zilonda, ndi kuti agwirenso sizasi. Mapapo, amene ife tinkawadera nkhawa kwambiri, sanawatchule n'komwe.

Chithandizo ndi pomwe chinavuta

Chofulumira kwambiri chinali prednisolone. Mlingo wa 15 mg kapena kuposa pa tsiku umawonjezera chiopsezo cha vuto la impso ladzidzidzi la scleroderma, pamene BP imakwera mwadzidzidzi ndipo impso zimatha kuima m'masiku ochepa. Chiopsezochi n'chachikulu mwa wodwala wa mtundu wofalikira amene khungu lake likulimba msanga. Atamwa milungu 6 sakanasiya kamodzin'kamodzi, choncho tinkachotsa 5 mg mlungu uliwonse mpaka 10 mg, kenaka pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu pa mlungu wa 10. Anaphunzira kudziyeza BP kunyumba katatu pa mlungu, ndipo tinawalembera pa khadi kuti abwere tsiku lomwelo ikafika 140/90, kapena nambala yapamwamba ikakwera ndi 20 kuposa ya masiku onse n'kukhala choncho poyezanso patatha ola, kapena akamva mutu waukulu ndi kusaona bwino. Mankhwala a gulu la ACE inhibitor monga captopril ndi amene amapulumutsa impso vutoli likayamba, koma saperekedwa pofuna kulipewa, chifukwa palibe umboni woti amaliletsa.

Pa mapapo ndi khungu tinasankha mycophenolate mofetil, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi. Kafukufuku wa Scleroderma Lung Study II wa mu 2016 anapeza kuti amathandiza mapapo mofanana ndi cyclophosphamide koma odwala amawapirira bwino. Tisanayambe tinayeza HIV, matenda a chiwindi a B ndi C, chifuwa chachikulu ndi mimba. Mankhwalawa amapundula mwana m'mimba ndipo amachititsa padera, choncho mayiwa anaikitsa lupu asanamwe piritsi loyamba. Tinayamba ndi 500 mg kawiri pa tsiku, n'kumawonjezera milungu iwiri iliyonse, cholinga chili 1,500 mg kawiri pa tsiku, tikuyeza maselo a magazi ndi chiwindi milungu iwiri iliyonse poyamba, kenaka mwezi ndi mwezi. Atafika pa mlingo wonse anayamba kutsegula m'mimba kasanu pa tsiku. Apa pamafunika kusamala, chifukwa scleroderma nayonso imatsegula m'mimba matumbo akafooka n'kuchulukana tizilombo. Kutsegulako kunayamba patangopita masiku anayi chikwezereni mankhwala, ndipo kunaleka titabwerera pa 1,000 mg kawiri pa tsiku. Tinakhazikika pomwepo.

Pa Raynaud tinapereka nifedipine, wotsegula mitsempha ya magazi, wosungunuka pang'onopang'ono, 30 mg kamodzi pa tsiku. Patatha mwezi umodzi zilonda zinali zitakula, ndipo titafunsa bwinobwino tinapeza kuti anasiya kumwa pa tsiku la 10 osauza aliyense. Mankhwalawa anawatupitsa mapazi, anawapweteketsa mutu, ndipo chilungulira chinafika powadzutsa usiku akutsokomola. Nifedipine amafewetsa mnofu wotseka pakati pa kum'mero ndi chifu, umene mwa wodwala scleroderma umakhala wofooka kale. Kulakwa kunali kwathu: tinayambitsa nifedipine chilungulira tisanachigonjetse, ndipo sitinawachenjeze. Tinakweza omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi wa m'chifu, kufika 20 mg kawiri pa tsiku, womwa mphindi 30 asanadye. Tinawauza kuti akweze miyendo ya kumutu kwa bedi ndi masentimita 15 mpaka 20, osati kuunjika mapilo, chifukwa mapilo amapinda munthu pamimba n'kukankhira asidi m'mwamba, ndiponso kuti chakudya chomaliza chizidyedwa maola atatu asanagone. Chilungulira si nkhani yaing'ono kwa wodwala mapapo, popeza asidi wolowa m'njira ya mpweya usiku akhoza kuwonjezera kuwonongeka kwawo. M'malo mwa nifedipine tinapereka sildenafil wa 25 mg katatu pa tsiku, titatsimikiza kuti samwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate.

Zilonda za pansonga za zala zimabwera chifukwa cha kuchepa kwa magazi, ndipo n'zosiyana ndi za pamwamba pa mfundo, zimene zimabwera chifukwa khungu lakokeka n'kumakhuzika. Za mayiwa zinali za pansonga. Zinkatsukidwa ndi madzi a mchere a kuchipatala ofunditsidwa, chifukwa ozizira amayambitsa Raynaud pomwepo, n'kumangidwa ndi bandeji yosamatirira masiku awiri alionse. Mankhwala a ululu ankamwa mphindi 30 asanamasule bandeji. Chilonda chimodzi chinatuluka mafinya okhala ndi tizilombo ta Staphylococcus aureus, ndipo chinalandira flucloxacillin masiku 7. Chithunzi cha X-ray chinaonetsa kuti fupa silinakhudzidwe. Zonse ziwiri zinapola pa mlungu wa 11. Zikanakana, tikanawagoneka kuti alandire iloprost ya m'mitsempha maola 6 pa tsiku kwa masiku asanu. Bosentan amachepetsa kubuka kwa zilonda zatsopano koma sapoletsa zomwe zilipo, choncho sinali nthawi yake. Kunyumba tinatsindika kufunditsa thupi lonse, osati manja okha, popeza pachifuwa pakazizira mitsempha ya m'zala imatsekeka ngakhale munthu atavala magolovesi. Amuna awo ankasuta fodya, ndipo anavomera kusasutira m'nyumba.

Kuyabwa kwa m'zaka zoyamba za mtundu wofalikira n'koopsa, ndipo madokotala ambiri sakufunsa. Mapiritsi a antihistamine sanathandize kupatula kuwagonetsa. Chimene chinathandiza ndi kusamba madzi ofunda pang'ono osati otentha, kusiya sopo wonunkhira, kudzola mafuta okhuthala khungu lisanaume pasanathe mphindi zitatu chisambireni, ndi gabapentin wa 100 mg usiku amene tinamukweza mpaka 300 mg m'milungu itatu. Mafuta a menthol a 1 peresenti ankadzola pachifuwa ndi m'mikono ya kumtunda basi, osati m'manja, chifukwa cha kuzizira kwake.

Manja ndi pakamwa n'zimene zinafuna khama la mayiwa eni. Zilonda zisanapole ankangowongola ndi kupinda chala chilichonse pachokha mpaka pomwe chakanira, n'kugwira pamenepo masekondi 10, kasanu, kawiri pa tsiku. Zitapola tinawonjezera kuviika manja mu phula la paraffin lofunda pafupifupi madigiri 50 asanayambe, chifukwa khungu lofunda limatambasuka bwino. Phulali siliyenera kukhudza chilonda chotseguka. Pakamwa ankaika mulu wa timatabwa topanikizira lilime pakati pa mano a kumbuyo, mbali imodzi kenaka ina, n'kumawonjezera kamodzi muluwo ukayamba kulowa mosavuta. Akasiya milungu iwiri, zimene apindula zimabwerera m'mbuyo, ndipo izi tinaziona pamene anadwala chimfine. Anapatsidwa mswachi wa mutu waung'ono wokhala ndi chogwirira chonenepa, ndipo dokotala wa mano amawaona miyezi 6 iliyonse, chifukwa pakamwa pouma ndi popapatiza mano amawola msanga. Katswiri wothandiza odwala kubwerera ku ntchito anawapezera sizasi yodzitsegula yokha ndi kachipangizo kolowetsera ulusi m'singano. Za kuuma kwa kumaliseche anapatsidwa mafuta ofewetsa, ndipo amuna awo anaitanidwa kuti amve kuti matendawa sapatsirana, chinthu chimene banjali linkaopa chiyambireni kuyezedwa khate. Anaonananso ndi mlangizi wa za maganizo maulendo 6.

Pa miyezi 6 ndi 12

Pa miyezi 6 Rodnan inali 22, kusiyana kochepa koti sitingakuwerengere. Koma zilonda zinali zitapola, ankagona usiku wonse, HAQ-DI inatsika kufika 1.5, PHQ-9 kufika 10. DLQI inakwera kuchoka pa 9 kufika 11. Panalibenso yankho la “sizikundikhudza”. Anali atayambanso kusoka maola awiri pa tsiku movutikira, kuyenda m'mawa atavala zofunda, ndi kukhalira pamodzi ndi amuna awo ngakhale panali ululu. Mafunso atatu aja tsopano anali ndi nambala, 2, 2 ndi 1, pomwe ena asanu ndi awiri anatsika kuchoka pa 9 kufika 6. Tikanatenga 11 monga umboni woti chithandizo chalephera, tikanasintha mankhwala amene ankagwira ntchito.

Pa miyezi 12 Rodnan inali 15, FVC 76 peresenti, DLCO 59 peresenti, creatinine ndi BP zili bwino. DLQI inali 7, HAQ-DI 1.25, Cochin 31, MHISS 17, ndipo PHQ-9 inali 8. Pakamwa pankatseguka mamilimita 33, ndipo pofumbata pankatsala sentimita imodzi ndi theka. Kufewa kwa khunguku sitikukuika konse pa mycophenolate, chifukwa mwa odwala ambiri a mtundu wofalikira khungu limafika pachimake m'zaka ziwiri zoyamba kenaka n'kuyamba kufewa lokha. Chimene tikuchiwerengera kwambiri ndi kukhazikika kwa mapapo mwa munthu wa Scl-70.

Nkhope ndi imene sinasinthe. Milomo idakali yopyapyala, makwinya ozungulira pakamwa alipo, ndipo mawanga a pamphumi angodako pang'ono. Pa mapointi 7 a DLQI, 3 akuchokera pa funso limodzi la manyazi, ndipo mayiwa amapemphabe mng'ono wawo kuti aziyeza makasitomala atsopano. Tawatumiza kukaphunzira kuphimba mawanga ndi zodzola zofanana ndi khungu lawo, ndipo akudzola mafuta oteteza ku dzuwa kuti malo akuda asapitirire kuda. Kupuma tiziyeza miyezi 4 iliyonse m'chaka chikubwerachi, echo ya mtima chaka ndi chaka. FVC ikatsika ndi 10 peresenti, kapena CT ikaonetsa kuti zipsera zafalikira, tidzakambirana zowonjezera nintedanib, mankhwala ochedwetsa zipsera za m'mapapo, wa 150 mg kawiri pa tsiku. Mu kafukufuku wa SENSCIS wa mu 2019 mankhwalawa anachepetsa kutsika kwa FVC, koma odwala pafupifupi atatu mwa anayi alionse anatsegula m'mimba, ndipo popeza mayiwa anavutika kale ndi zimenezi pa mycophenolate, tawauziratu ndipo tagwirizana kuti chisankhocho tidzapangira limodzi.